Tambala Amene Anamva Zambiri

Ku Rumphi sindinafikeko, ndineneretu pano kuti wina asadzandinamizire kuti ndinamwako madzi akumeneko. Ulendo unakonzedwa, zikwama zinakwera, pemphero linapempheredwa pageti, koma kutali komwe tinafika ndi ku Kanengo. Komabe chibadwire changa sindinayendepo ulendo wautali ngati umenewo.

Ine ndine Nankhoma, kwathu ndi ku Mitundu. Amuna anga atamwalira, mwana wanga Esinati anadzanditenga kuti ndizikhala naye ku Area 47, ati chifukwa cha mawondo angawa. Ndinavomera, koma osati chifukwa cha mawondo. Esinati anakwatiwa ndi a Mhango a ku Rumphi, ogwira ntchito m'boma, ndipo ali ndi mwana mmodzi, mtsikana, yemwe nthawi imeneyo anali sitandade thu. Bambo ake anamutcha Tiwonge. Ine ndimamuitana Tiyamike. Amati tanthauzo lake ndi limodzi. Nanga ngati ndi limodzi, akudandaula chiyani?

Kwathu mwana ndi wakuchikazi. Kwa anzathuwa, akangopereka ng'ombe amati ana ndi akuchimuna. Ndiye chilowereni m'nyumba imeneyo, diso langa limodzi limagona, linalo limakhala pa mwanayo.

Ine ndi a Mhango sitinkayankhulana. Sikuti tinayambana ayi. Iwo ndi akamwini anga, ine ndine apongozi awo, basi. Tikakumana pakhonde wina ankapatuka. Kudyera pamodzi ayi, kuyang'anana kumaso ayi. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkauza Esinati, eni ake ali pomwepo: "Uwauze bambo a Tiyamike kuti mpope ukudontha." Iwonso ankayankhira komweko: "Uwauze amayi kuti ndamva." Munthu wophunzira chotero n'kumasunga mwambo osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe, ndinkamukayikira. Waulemu wonyanya amakhala akubisa kanthu.

Inenso changa ndinkabisa. Chitumbuka ndimamva. Ndinachitola ndi khutu kalekale ku Mitundu, Esinati asanakwatiwe, ndikusankha nyemba pansi pa zenera la aneba athu akumpoto, ndipo sindinauze munthu.

Ndiye kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, ndinamva a Mhango kuseri kwa nyumba akuyankhula pafoni ndi mayi awo, aNyaMsiska, omwe ndi asewere anga. Iwo kwawo kunali kungovomera m'Chitumbuka kuti "yewo, mama, yewo," koma nkhani ndinaigwira yonse. Mwana abwera naye, ndipo akamusiya konko chaka chathunthu kuti akaphunzire chiyankhulo ndi mwambo wakwawo. Sukulu ya mishoni ili pafupi, malo apezeka kale.

Sindinafuule. Ndinadikira Esinati apite kumsika, n'kukatsegula chikwama cha mwanayo. Pansi pa madiresi panali nsapato zakusukulu, bulangete, ndi mankhwala ake achifuwa mabotolo awiri. Munthu wopita kukadya mpunga wa Khirisimasi satenga nsapato zakusukulu.

Pa ulendowo ine sindinawerengeredwe. Anati nditsale ndiziyang'anira nyumba. Madzulo ake ndinangolengeza kuti ndipita nawo.

"Amayi, ndi kutalitu," anatero Esinati. "Mawondo anuwo."

"Mawondowa ndi anga. Asewere anga ndinawaona tsiku la ukwati basi. Ndikawaone."

Ndinatumiza uthenga ku Mitundu, ndipo anandibweretsera tambala wofiira, wamkulu bwino, wa lipombo logwera mbali imodzi. Kwa eni sufika chimanjamanja, ngakhale ukupita kukamenya nkhondo.

Masiku amenewo mafuta agalimoto ankasowa mu Lilongwe. A Mhango anakhala akusonkhanitsa pang'onopang'ono mpaka zigubu ziwiri zinadzadza. Koma madzulo oti mawa tinyamuka, ndikuanula zovala, ndinawaona akutulutsa zigubu zija m'galaja mozemba, n'kukaziika m'kanyumba kakuseri, n'kuzivundikira ndi matumba amakala. M'mawa mwake ndinawamva akuuza mkazi wawo kuti mafuta aja anabwereketsa kwa abwana awo, m'thanki mwatsala ochepa, tiyambe taima pamzere. Ndinangoti mumtima, eya, ndakugwirani. Mukufuna munditopetse padzuwa, nditsike ndekha, kenako mukathire zigubu zanu n'kuthawa ndi mwana. Tiona amene atope.

Tisananyamuke ndinaitana mlonda wathu, a Chikuse.

"Pageti pano pasalowe munthu."

"Chabwino, agogo."

"Akuba amasiku ano amavala bwino. Wina abwera ati ndine wamagetsi, wina ati ndine wakumpingo. Ngakhale atanena kuti ndi mayi a bwana, musatsegule. Makamaka ameneyo."

Ndinakhala mpando wakumbuyo kwa dalaivala, poti ndi pokhapo pamene maso athu sakanakumana. A Mhango anapotoza kagalasi koonera kumbuyo kuti kaziyang'ana kudenga. Tambala anali m'katoni kumapazi kwanga, miyendo yomangidwa, mutu utatulukira pabowo. Tiyamike anakhala pambali panga, ine nditagwira nsonga ya diresi lake.

Titatuluka m'sekita mwathu, galimoto inakhotera ku Old Town. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndimadziwa kuti kumpoto ndi kumene kuli bwalo la ndege.

"Esinati, uwafunse bambo a Tiyamike ngati Rumphi anamusamutsira ku Dedza."

"Ati ku Area 2 ndi komwe kwamveka mafuta, amayi."

Mzere wa ku Area 2 unayambira papampu, kukhota pamashopu a nsalu, n'kutsetsereka mpaka pafupi ndi mlatho. Tinaima kumchira. Anthu anali atatsegula zitseko, ena atayala zitenje pansi pa magalimoto, ena akusewera bawo. Kumbuyo kwathu kunaima kagalimoto koyera kahayala, mbuzi itasuzumira pazenera ngati mkwatibwi. Mwini wake anatsika n'kubwera kudzatilonjera. Anati ndi a Mbewe, akupita kwawo ku Ntcheu, ndipo mbuziyo ikudikiridwa ndi mudzi wonse. Ataona kachikwangwani kakuntchito komwe kanamatidwa pagalasi lathu, nkhope inawala.

"Bwana ndinu a boma? Ndiye ndapulumuka. Inu mumadziwiratu komwe thankala ikulowera. Ine lero ndili pambuyo panu ngati mchira."

Ndinawayang'ana a Mbewewo kuyambira kunsapato, ndipo ndinakokera chikwama changa pamiyendo. Munthu amene wangokudziwa kumene n'kuyamba kukutamanda, mawa amabwereka mchere.

Dzuwa linakwera. Ogulitsa mango anadutsa, a mazira owiritsa anadutsa, mnyamata wina anadutsa ndi mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki pamutu. Aliyense anali ndi nkhani yake ya thankala. Wina ati yanyamuka paboda. Wina ati yagwa m'matope. Mayi wina ati mlamu wake waiona ndi maso ake ikumwa tiyi ku Dedza. Esinati anagula zoziziritsa kukhosi n'kundipatsira botolo.

"Sindimwa."

"Amayi, kukutenthatu."

Ndinakana. Chomwe wamwa chimafuna potulukira, ndipo ine sindinkafuna chifukwa chilichonse chotsikira m'galimoto imeneyo.

Chakumasana kunamveka mluzu ndi nthungululu. Thankala inafikadi. Anthu anadzambatuka, abawo anamwaza nkhomo zawo, mainjini anayamba kulira. Mzere unasuntha kamodzi, kawiri. Titayandikira poti denga la pampu layamba kuoneka, a Mhango anayang'ana foni yawo, n'kutsokomola.

"Mnzanga akuti ku City Centre kulibe mzere n'komwe."

"Koma mafuta ndi awa tikuwaonawa," anatero Esinati.

"Satifika awa. Atha tili pakona."

Anapotoza chiwongolero n'kutuluka pamzere. Esinati anagwira pakamwa. Nditacheuka ndinaona kagalimoto koyera kaja nakonso kakutuluka, mbuzi ili pazenera.

Ku City Centre tinazungulira maofesi otseka, n'kukaima pafiling'i ina cha ku Area 13. A Mhango sananame, mzere kunalibe. Kunalibenso mafuta, kunalibe ngakhale wogulitsa. Mapampu anali atakulungidwa ndi matumba akuda, ndipo galu anagona pamthunzi pake, miyendo m'mwamba. A Mbewe anatsika, kuyang'ana galuyo, kuyang'ana a Mhango, n'kugwedeza mutu mwaulemu.

"Ndamva, bwana. Tafika thankala isanafike. Tikhala oyamba. Kuphunzira n'kwabwino."

Tinakhala pamenepo mpaka mitambo inasonkhana. Anyamata awiri anatulukira kuseri kwa mpanda ndi mafuta a m'mabotolo, mtengo wake ngati akugulitsa ndi galimoto yomwe. Esinati anati tigule. A Mhango ananunkhiza botolo limodzi n'kunena kuti asakaniza ndi parafini. A Mbewe, omwe anali atatulutsa kale ndalama, anazibwezera m'thumba. Mbuzi yawo pamenepo n'kuti itadya theka la lamba wapampando.

Mvula inayamba. Esinati anatembenuka n'kundiyankhula ndi mawu aja amayankhulira anesi.

"Amayi, mwatopa. Bwanji tikupezereni galimoto ikakusiyeni kunyumba? Ife tikapeza mafuta tidzakutengani."

"Ndani wakutuma?"

"Palibe, amayi."

"Uwauze amene sanakutumewo kuti ine ndakhala bwino. Mpando uwu ndi wofewa kuposa wakunyumba."

Khutu la a Mhango, lomwe ndinkaliona kuchokera kumbuyo, linagwedera pang'ono.

Dzuwa litapendeka ananenanso kuti ku Kanengo ndiye kotsimikizika. Tinadutsa Area 18, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mphuno ya galimoto inaloza kumpoto. Ku Kanengo tinaima kumbuyo kwa malole, pamzere woti kutsogolo kwake sikunkaoneka, fungo la fodya likulowa ndi mpweya wa mvula. A Mbewe anaima pambuyo pathu, koma ulendo uno sanatsike.

Apa ndi pamene Tiyamike ananena kuti akufuna kuchimbudzi, ndiponso ali ndi njala. Esinati anati apita naye kumagolosale kutsidya kwa msewu. Ndinavutika. Ndikatsika nawo, galimoto itha kundithawa. Ndikatsala, mwana achoka m'maso mwanga, ndipo mabasi a kumpoto amaima pomwepo.

"Pitani," ndinatero. "Koma chikwama chako usiye pano, ndi foni yomwe. Utenge ya chipisi yokha."

"Amayi, mukundiyesa wakuba?"

"Ndinakubala ndine. Siya chikwama."

Chitseko chitatsekedwa ndi pamene ndinazindikira chomwe ndachita. M'galimoto munatsala ine ndi akamwini anga, popanda wopatsira mawu. Chiyambire ukwati wawo zimenezi zinali zisanachitikepo. Iwo anayang'ana kutsogolo, ine ndinayang'ana pansi. Mvula inkagogoda padenga. Anatsegula wailesi, ikuimba nyimbo ya abusa ndi nkhosa zawo, n'kuitsekanso. Kenako tambala uja anasolola khosi pakatoni n'kulira kokoliriko wamphamvu, madzulo amenewo, ngati wina wamufunsa.

Ndinamuyang'ana. Mwambo umati mawu adzere mwa wina. Sunanene kuti winayo akhale ndi miyendo ingati kapena kuti asakhale ndi nthenga.

"Tambala iwe," ndinatero, "uwafunse eni galimoto kuti zigubu zili pansi pa makala zija akusungira maliro a ndani."

Ndinaona manja awo akufinya chiwongolero. Kenako anayankhula motsitsa, nkhope ili kutsogolo.

"Tambala, uwafunse amayi kuti anaziona liti."

"Uwauze kuti ine ndimaona zonse. Uwauzenso kuti ngati akudikira kuti nditope nditsike, ine ndinadikirapo mvula zaka za chilala. Mwana uyu sakamusiya ku Rumphi ine ndili moyo."

Anapumira m'mwamba, mpweya wautali ngati tayala lophulika.

"Tambala, uwauze amayi kuti andiganizira molakwa. Ine sindikufuna kuti atsike. Ndikufuna kuti tsikuli lithe."

"Uwafunse kuti lithe kuti zitani."

"Uwauze kuti mwanayu ndi wanga yekhayo. Akadzuka usiku ndi chifuwa chake chija ndimamunyamula ndine. Chaka chathunthu sindingathe. Koma amama anga sindinawakanirepo kanthu chibadwire. Akayankhula, pakamwa panga pamangotuluka yewo. Ndiye ndinati mafuta akasowa, palibe amene wakana. Lasowetsa ndi dziko."

Tsiku lonse ndinkalondera wakuba, osadziwa kuti wakubayo akulondera katundu yemweyo.

"Tambala, uwafunse ngati Esinati akudziwa."

"Uwauze kuti ayi. Iye anavomera kwa amama akulira, poopa kuti angamunene kuti mkazi wa Chichewa walanda ana. Akadziwa za zigubu, nkhope yake siitha kubisa."

"Uwauze kuti pamenepo anaganiza bwino. Esinati anatengera bambo ake. Koma uwauzenso kuti bodza lawo ndi losaphika. Munthu suchoka pamzere thankala itafika. Ukanati injini yatentha."

Phewa lawo linagwedera. Sindikudziwa ngati kunali kuseka, poti sindinawayang'ane.

Foni yawo inalira. Anamvetsera pang'ono, n'kuipereka chakumbuyo osacheuka. "Tambala, uwauze amayi kuti a Chikuse akufuna iwowo."

"Agogo," anatero mlonda uja, mawu ali monyadira, "wabwera munthu munanena uja."

"Uti?"

"Wonena kuti ndi mayi a bwana. Ndamukaniza. Wakhala pathumba kunja kwa geti chiyambire masana. Chichewa chake n'chokhotakhota, ndipo akuti andimangitsa. Ndiitane apolisi?"

Ine ndinanena mawu aja mongopereka chitsanzo. Sindinkadziwa kuti ndikulosera.

Esinati ndi mwana atabwera ndi chipisi chawo, anapeza injini ikulira kale. Tikutembenuka, a Mbewe anathamangira pazenera, mvula ikuwakhapa.

"Bwana, kwinanso kuti?"

Ine ndinatsitsa galasi langa. Ndinali nditaganiza kale kuti ngati asewere anga ali ndi maso ngati anga, zigubu zija azipeza tsiku lisanathe, ndipo ulendo udzukanso.

"Titsatireni," ndinawauza. "Koma mukaime kumpanda wakuseri, ndipo pakamwa mutseke."

Ulendo womwe unatitengera tsiku lonse popita, pobwerera sunatenge nthawi yophikira tiyi.

Pageti tinapeza mayi wamfupi, wowuma thupi, atakhala pathumba la mpunga, ambulera ili m'manja, msana uli chilili ngati ali pabenchi lakutsogolo kutchalitchi. Pambali pake panali kathumba ka nyemba ndi mkoko wa nthochi. A Chikuse anaima mkati mwa geti ndi chibonga. A Mhango anatsika n'kugwada m'matope momwemo.

"Monire, mama. Mwabwera bwanji osanena?"

ANyaMsiska anayankha m'Chichewa kuti tonse timve. "Ndikanena kuti upeze bodza lina? Ndinadziwa kuti uti mafuta asowa. Iwe ukamanena zoona umati yewo kamodzi. Tsiku lija unanena kawiri. Ndakwera basi ndabwera ndekha. Mawa tikadya, mwana ndinyamuka naye."

Kenako anatembenukira kwa ine. Tinapatsana moni wautali, wofunsana za mvula, za mawondo, za omwalira, aliyense akuyeza mnzake kulemera kwake.

"Mlonda wanu ndi wokhulupirika," anatero.

"Akuba achuluka, asewere."

"Ndaona. Ena amaba ndi ana omwe."

Pamene onse ankalowetsa katundu, ine ndinazemba, kuyamba ndakaona kuchimbudzi komwe ndinakukana tsiku lonse, kenako kukanyumba kakuseri. Ine ndi a Chikuse tinapatsira a Mbewe zigubu zija pamwamba pa mpanda. Ndinawauza kuti za mtengo akakambirane ndi bwana chaka chikalowa. Bamboyo anatsala pang'ono kulira.

"Ndinadziwa ine," anatero. "A boma sasowa mafuta."

Sindinalakwe. Kusanade, ndinaona asewere anga akutuluka m'kanyumba kaja, manja ali bii ndi makala, akununkhiza m'mwamba.

M'mawa wa Khirisimasi tinapita kutchalitchi wapansi. Pobwera tinakhala pakhonde, mpunga wa asewere uli pamoto, fungo lake lafika mpaka kwa aneba. Chikwama cha Tiyamike chinali kale pakhomo. A Mhango anakhala pampando atazyolika. Kawiri konse anatsegula pakamwa, ndipo kawiri konse ndinaona yewo akubwera. Ndinatuma mwanayo kuti akathandize a Chikuse kusenda anyezi, n'kupita kukatenga katoni ija. Ndinaikhazika pakati pa khonde, mutu wa tambala uli kunja.

"Ameneyu ndinabweretsera inu, asewere. Koma asanaphedwe, ali ndi uthenga."

A Mhango anayang'ana tambalayo nthawi yaitali. Kenako anayankhula.

"Tambala, uwauze amama kuti ndimawalemekeza. Uwauze kuti Tiwonge sapita."

"Ukuyankhula ndi nkhuku?" anafunsa mayi awo.

"Uwauze kuti nkhuku ndi imene ndingathe kuiyang'ana m'maso."

Esinati anayang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba. ANyaMsiska anayang'ana mwana wawo, kuyang'ana ine, n'kukokera mpando wawo pafupi ndi katoni. Mayi uja sachedwa kuphunzira.

"Tambala, uwafunse anthu a ku Mitundu ngati ng'ombe zathu zinasochera panjira."

"Uwauze kuti zinafika," ndinayankha, "ndipo amalume ake a Esinati anadya. Akafuna akazifunse kumanda. Uwauzenso kuti ng'ombe sinamve kupweteka tsiku lobadwa mwanayu."

"Uwauze kuti mwana ndi wa kwa Mhango."

"Uwauze kuti dzina atenge, ife titenga mwana."

Tambala ankatembenuza mutu uku ndi uku ngati woweruza mlandu wa malire a munda. Tinakokana choncho mpaka mpunga unayamba kununkha kupserera. Kenako asewere anga anayankhulanso, mawu atatsika.

"Tambala, uwauze kuti mdzukulu wanga akandiyankha pafoni amandipatsa moni wa Chingerezi, ngati ndine nesi wa kuchipatala. Nyumba yanga ili zii. Uwafunse kuti ine ndikadzafa, mwanayu adzandilira m'chiyankhulo chanji."

Nyumba ya zii ndimaidziwa, ndinaisiya ku Mitundu. Ndinaganizanso kuti mayi uyu akabwerera yekha, azikaluka mapulani ena ali kutali komwe sindingamuone. Munthu woopsa umamuika pomwe diso lako likufika.

"Uwauze kuti chiyankhulo sichikhala ku Rumphi, chimakhala m'kamwa mwawo. Kamwalo alibweretsa kale. M'chipinda changa muli bedi lachiwiri. Akhale mpaka mvula ithe, mwana amuphunzitse pompano. Chaka chamawa abwerenso."

"Kuti muzindilondera?"

"Inunso muzindilondera."

Anaganiza. Kenako anandiyang'ana m'maso, osadzeranso mwa nkhuku, n'kuyankhula m'Chitumbuka chokhachokha. Anati avomera, chifukwa aona kale kuti mwanayu ndimamuthirira shuga wambiri m'phala ndipo pakufunika munthu wamkulu pakhomo pano. Ine ndinaumitsa nkhope ngati sindinamve kanthu.

"Musavutike, asewere," anatero m'Chichewa. "Mumamva. Tsiku la ukwati, mlongo wanga atanena nthabwala, munaseka womasulira asanayambe."

Zaka zonsezo mayi ameneyu ankadziwa, osauza ngakhale mwana wake. Ndinayamba kumulemekeza pomwepo.

Esinati anapukuta misozi n'kunyamula chikwama cha mwana kubwerera nacho m'nyumba. Potuluka anati, "Tambala ameneyu tisamuphe. Watithandiza. Tizimuweta."

Ine ndi asewere anga tinayang'anana.

"Aphedwe," anatero iwo.

"Lero lomwe," ndinatero ine. "Wamva zambiri."

Anali wonona. Tsiku limenelo ndinadya pakhonde limodzi ndi akamwini anga, ngakhale aliyense anayang'ana mbale yake.

Kuyambira chaka chimenecho, Khirisimasi ya pakhomo pathu siyenda ulendo. ANyaMsiska amatsika pabasi ndi mpunga wawo, ndipo a Chikuse amawatsegulira geti asanagogode. Ku Mitundu kumachokera tambala. Tikabwera kutchalitchi timamukhazika pakati pa khonde, ndipo aliyense amamuuza zomwe zamukhala pakhosi chaka chonse. Esinati anadzeramo pouza mwamuna wake kuti nkhonono zake zafika poipa. A Mhango anadzeramo pondiuza kuti ndisiye kusecha matumba a majekete awo. Ndinati tambala awauze kuti ndamva, sindinati ndasiya. Nkhani ya zigubu inatulukira momwemo chaka chachiwiri, ndipo Esinati anakwiya mpaka nthawi ya mpunga. Chaka chatha Tiyamike anagwada pakatoni n'kunena m'Chitumbuka chosalala kuti tambala auze agogo ake onse awiri kuti iye watopa kuitanidwa maina awiri nthawi imodzi kuchokera m'zipinda ziwiri. Tinamva, ndipo tikupitiriza.

Zonse zikanenedwa, a Chikuse amanola mpeni. Aneba ena amati n'kulakwa kupha mthenga, ndiponso nkhuku siyankhula. Mwina n'zoona. Koma ine sindinakhulupirirepo munthu chibadwire, ndiye ndikayambire pa nkhuku?